Mano a Mayi Elube

"Iwe Dolofe! Mwana wako uja amene ndinkam'pukuta mamina ndi chala changachi, lero azindilipiritsa chifukwa choti wagwira katoni? Katoni yangayanga, yochokera kwa mwana wanga wobala ndekha?"

Awa anali a Elube, ataima pakhomo pa mng'ono wawo dzuwa lisanatenthe n'komwe, dzanja lina lili m'chiuno, lina litagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Dolofe ankasesa, ndipo sanasiye.

"Achemwali, Gelesomu ali pantchito. Mukufuna achotsedwe chifukwa cha inu? Lamulo si lake."

"Lamulo ndi limene linkam'bereka kumsana iwe uli kumowa?"

"Ine kumowa? Tabwerezani. Koma muyambe mwachotsa nsaluyo pakamwa, sindikumva bwino."

Atatero anaseka, mano onse pamtunda, oyera ngati mpunga wopetapeta. Mtima wa Dolofe ndi womwewo kuyambira ali kamtsikana. Akadziwa pamene pakukupweteka, mpamene amaponda.

A Elube analibe mano. Anatha limodzilimodzi, lotsiriza linatsalira mumzimbe pamaliro a amuna awo. Ndiye onani ntchito imene Mulungu anawasankhira: kuotcha chimanga pamsika wa Nditsitsireni, m'dziko la Lipirakaye. Tsiku lonse fungo likuwalowa m'mphuno, anzawo akukukuta, iwo n'kumangomeza malovu. Chonsecho pautsikana wawo anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, kamene kankagwetsa anyamata panjinga. Akuti mphunzitsi wina analowa nayo njinga m'munda wa chinangwa chifukwa chocheukira kampatako.

Tsono mwana wawo wotsiriza, Ndaziona, ankakwatiwa Loweruka. Ukwati wa kuholo, wa wojambula zithunzi, wa nyama. A Elube anali atalumbira kuti sadzakhala kutsogolo nsalu ili pakamwa ngati munthu wodutsa pachimbudzi cha pamsika. Mwana wawo wamwamuna, Yotamu, amene amagwira ntchito kutali kudziko la Kwazizira, anati, "Amayi, kuno mano amagula ngati nsapato, bola mulingo." A Elube anatenga sopo wochapira, namuluma ndi usinini mpaka misozi, n'kum'tumiza ndi munthu wopita kumeneko. Anaonjezapo uthenga umodzi wokha: asaiwale kampata kapakati.

Yotamu sanaiwale. Mano anapangidwa, anakwera ndege, anafika. Koma anafikira ku Lipirakaye, ndiye vuto lake.

Dziko limeneli linkalamulidwa ndi Mfumu Msekeramkati Wachiwiri, munthu amene palibe anamuonapo akuseka. Polankhula ankatseka pakamwa ndi kampango ka m'thumba. A pawailesi ankati mfumu siseka chifukwa mavuto a anthu ake amailemera mumtima. Kumsika ankadziwa kuti ndi shuga. Shuga yense amene ankasowa m'magolosale ankathera m'kapu ya munthu mmodzi, ndipo mano anatsatira shugayo.

Chaka chimenecho nkhokwe ya mfumu inali itayera, mbewa zomwe zitasamuka. Nduna zinaitanidwa kubwalo. Msonkho wa nkhuku unalipo kale, wa belu la njinga unalipo, wokhala pamthunzi wa mtengo wa m'mbali mwa msewu unalipo. Nduna zinakanda mitu mpaka zipewa kupendekeka. Kenako anaimirira a Manjambiri, Nduna ya Zolowa ndi Zosatuluka, amenenso anali mlamu wa mfumu, amenenso anali mwini kampani yonyamula maphukusi yotchedwa Tafikakale. Munthu mmodzi, mipando itatu, ndipo thupi lake linkakwanadi yonse.

"Mfumu, mukhale ndi moyo mpaka adani anu atope," anatero. "Ine usiku sindigona poganizira manja. Phukusi likachokera kunja, anyamata anga amalinyamula kupita nalo kwa a kasitomu kukafunsa ngati pali msonkho. Lina amati lilipire, lina amati lipite. Lopitalo limangodutsa ulele, ngati mwana wa mwini basi. Nanga manja amene analinyamula aja ndi amtengo? Satopa? Alibe ana?"

Nduna zinadandaula zonse pamodzi, zina mpaka kuyang'ana manja awo mwachisoni.

"Choncho ndikupempha lamulo. Aliyense wogwira katundu wochokera kunja, woufuna katunduyo ayambe wam'lipira yogwira. Ukakhalitsa osaomboledwa, ukasungidwe kunyumba yachifumu, kumene kulibe akuba."

Nduna ina yokalamba, imene inkasinza, inadzidzimuka. "Mwati aliyense?"

"Aliyense! Mukufuna ndizitchula mayina a anyamata anga onse? Lembani momwemo."

Mfumu inagwedeza mutu kuseri kwa kampango, ng'oma inalira, lamulo linatuluka.

Pofika madzulo linali litafika pamsika, ndipo kumsika sachedwa kuphunzira. Make Sitiveni, wogulitsa matimati pafupi ndi mbaula ya a Elube, anayamba tsiku lomwelo. Munthu akangotobwanya timati kuti aone ngati lapsa, iye, "Yogwira, bambo. Mbewu yake inachokera kunja." A kaunjika ndiye anasangalala koposa, poti kwawo chilichonse n'chakunja, ndi kabudula yemwe. Anthu anayamba kugula zovala poloza ndi milomo, manja ali kumbuyo. Kutchalitchi nthawi yopatsana moni wa mtendere, aliyense ankangogwedeza mutu. Ndipo bambo wina wa kwa Sindinadye anakadandaula kwa ankhoswe kuti mkazi wake, amene kwawo n'kutsidya kwa malire, wam'uza kuti kuyambira tsopano zinthu zasintha.

A Elube ankaseka nawo zimenezi kuseri kwa chitenje, osadziwa kuti zikubwera kwawo.

Uthenga utafika woti katoni yawo ili kudepoti ya Tafikakale, m'tauni ya Bweranimawa, anavala chilundu chatsopano nanyamuka. Atalowa anapeza pakauntala pali Gelesomu, mwana wa Dolofe, bambo wandevu zake, atavala yunifomu yothina pamimba. Mtima wawo unakhala pansi. Mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, nanga n'kuvutikanso?

"Amayi aakulu, mwafika bwino. Nkhani yabwino ndi yakuti a kasitomu ati mano salipira msonkho."

"Ambuye alemekezeke. Bweretsa kuno."

"Kwangotsala yogwira."

"Ya chiyani?"

"Yoti tinapita nayo kwa a kasitomu kukafunsa ngati pali msonkho."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati palibe."

"Nanga ine ndikulipira chiyani?"

"Mukulipira kuti mwadziwa kuti palibe. Mukanadziwa bwanji panokha?"

A Elube anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Gelesomu, ndine amene ndinakuphunzitsa kuyenda."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani mwaulemu, amayi aakulu. Ena timangowalozera chikalata cha pakhoma."

A Elube anabwerera, nagulitsa thadzi lawo loikira mazira. M'mawa mwake Gelesomu anapukusa mutu mwachifundo. Yogwira yakwera. Mlonda anaisuntha katoniyo posesa, ndipo mlonda nayenso ali ndi manja. Anabwerera, nagulitsa tambala. Yakweranso. Denga linadontha, anyamata anapatsirana katoniyo kuchokera pakona iyi kufika pakona iyo, ndipo anali ambiri ndithu, poti Tafikakale imasamala katundu wa anthu.

"Ndionetse basi," anatero a Elube. "Mwina ndikugulitsira nkhuku zanga mphepo."

Gelesomu anakwera pampando, natsitsa kakatoni kakang'ono ngati ka sopo wosambira, nakakweza m'mwamba.

"Ndi iyi. Koma ndagwiratu apa."

"Ika pansi!"

"Kuika pansi n'kugwiranso, amayi aakulu. Ndiike?"

Asanayankhe, iye anaigwedeza pafupi ndi khutu. M'katimo munamveka gobede, gobede. Gelesomu anaponya maso kudenga, ngati munthu amene wakumbukira wamkulu wina wopanda mano. A Elube sanasamale. Anatuluka, ndipo m'mawa mwake ndi pamene anakaima pakhomo pa Dolofe n'kukumbutsana za mamina.

Mkangano uja sunathere pa nsalu ya pakamwa. Unafika pa mphika umene Dolofe anabwereka chaka cha dzombe osabweza. Unafika pa mwamuna amene anabwera kudzafunsira a Elube n'kubwerera atafunsira Dolofe. Unafika pa munda wa kudambo umene malemu amayi awo anausiya osanena bwinobwino kuti ngwa yani. Anthu oyandikana nawo anatulutsa mipando. Mayi wina anapsereza phala la mwana, koma anati sakudandaula.

"Mukalipire basi, achemwali," Dolofe anamaliza. "Si inu a ana akunja?"

A Elube anatsala ndi mbuzi imodzi, imene ankasungira alendo a ukwati. Lachitatu anaikoka kupita nayo kumsika, ikulira njira yonse ngati ikudziwa kuti ikufera mano a eni. Ndalama anaimanga pansonga ya chitenje, ulendo ku Bweranimawa.

Anapeza Gelesomu atavala chipewa china, chachikulu, cha mlomo wonyezimira.

"Andikweza, amayi aakulu. Tsopano ndine Kapitawo wa Ogwira."

"Zabwino. Ndabwera ndi yonse. Wosesa, wa denga, iwe, onse. Bweretsa."

Gelesomu anakonza chipewa chija, chimene chinali kale bwinobwino. "Mwachedwa pang'ono. Katoni yanu inakhalitsa. Yapita kunyumba yachifumu kukasungidwa."

"Yakhalitsa? Pali makatoni apo a fumbi, akangaude mpaka anabalirapo zidzukulu!"

"Amenewo ndi a mabuku. Kunyumba yachifumu sanawafune."

Tsiku limenelo a Elube sanakalipe. Anthu amene amawadziwa anachita mantha, chifukwa a Elube osakalipa ndi a Elube odwala. Anafika kunyumba nakhala pakhonde, chitenje chitagwera pamiyendo, pakamwa pali poyera. Ndaziona anawapeza pomwepo.

"Amayi, ingobwerani choncho. Mwamunayo akukwatira ine, sakukwatira mano anu."

"Iwe sudziwa anthu. Akuchimuna adzayang'ana ine n'kumati, mkazi wathuyu akadzakula adzakhala chonchi. Adzati mtundu wake ndi wakutha m'kamwa."

"Anene."

"Ndiye pachithunzi? Ana ako adzafunsa kuti agogo ankabisa chiyani." Kenako anati, "Bambo ako anandikwatira chifukwa cha kampata kaja. Ndimafuna Loweruka kaonekeko, iwowo poti kulibe."

Ndaziona anangokhala nawo pansi.

Lachisanu m'mamawa galimoto ya zokuzira mawu inazungulira Nditsitsireni. Lero ndi Tsiku la Kumwetulira kwa Dziko! Mavuto a anthu atha, choncho mfumu iseka! Aliyense akhale pamalo pake, ovala zong'ambika aime kumbuyo!

"Atha liti mavutowo?" anafunsa Make Sitiveni. "Ine ndinali pompano dzulo lonse, sindinawaone akudutsa."

"Anadzera njira ya kuseri," anayankha wogulitsa makala.

A Elube anakoleza mbaula yawo monga mwa masiku onse. Ukwati ndi mawa, mbuzi palibe, mano palibe, koma chimanga sichidziotcha chokha.

Dzuwa lili pamutu, anafika. Patsogolo ng'oma, kenako asilikali, kenako a Manjambiri akupukuta thukuta, pambuyo pawo Gelesomu ndi chipewa chake atanyamula ambulera ya mfumu. Dolofe anali atafika kale kutsogolo kwa gulu, akulozera aliyense. "Uyo wa ambulerayo ndi wanga. Wanga ameneyo."

Mfumu inakwera pathebulo la ogulitsa nyama, limene analiyalira nsalu. A Manjambiri analankhula mpaka mithunzi inasuntha. Anati m'mbiri ya Lipirakaye simunakhalepo mfumu ya mano ngati iyi. Anati mano ake ndi chizindikiro chakuti chuma cha dziko chayamba kuluma. Kenako anakweza dzanja, ng'oma inaleka, mfumu inachotsa kampango pang'onopang'ono.

Inamwetulira.

Anthu anaomba m'manja, poti asilikali ankayang'ana. Mano anali oyera, ang'onoang'ono, okongola, a munthu wamkazi. Ndipo pakati pa awiri akutsogolo panali kampata.

A Elube anagwetsa chokupizira moto.

"Make Sitiveni," ananong'ona, "ukuona zimene ndikuonazi?"

"Ndikuona mfumu yakongola ngati namwali."

"Kampata kanga kaja. Mano anga amenewo. Sopo ndinaluma ndine."

Make Sitiveni anayang'anitsitsa, nagwira pakamwa. "Mayo ine! Kale ankatidyera ndalama, lero akudya ndi mano athu omwe."

Mfumu itaona kuti anthu akondwa, kumwetulira sikunathenso. Inatsika pathebulo n'kuyamba kuyendera msika, ikuonetsa mano kwa a nsomba, kwa a nyemba, kwa mbuzi zomwe. A Manjambiri, amene sadziwa polekezera, anakuwa kuti, "Mfumu yathu imadya zimene anthu ake amadya! Bweretsani chakudya cha anthu wamba, ilume muone!"

Wina anabweretsa nthochi. A Manjambiri anakana, ati nthochi ndi ya makanda. Maso awo anagwera pambaula.

"Mayi inu! Chimanga chimodzi cha mfumu. Chabwino koposa."

Pambaula ya a Elube pamakhala mitundu iwiri ya chimanga. Pali chanthete, cha mkaka, chimene amasungira makasitomala odziwika. Ndiye pali china chimene chimakhala kumapeto, chokhwima, chotsala dzana, chotenthetsa kawiri, chimene amagulitsa kwa anyamata a pabasi amene sadzabweranso. Chimenecho ngakhale galu amayamba wachiganizira.

A Elube anasankha mosamala. Anachipukuta phulusa, anachiika pakhoko loyera, anagwada mpaka pansi monga mwa ulemu wake, nachipereka ndi manja awiri.

"Chonona, Mfumu," anatero, nkhope itaweramira pansi. "Mulume ndi akutsogolo."

Mfumu inaluma. Chimanga sichinagonje. Inalumanso mwamphamvu, poti anthu onse ankayang'ana, mano analowa ndithu. Inakoka. Chimanga chinakana. Inakoka ndi manja awiri, mitsempha ya m'khosi ili njo, ndipo panamveka phwa, ngati chitsekero cha botolo.

Chimanga chinachoka pakamwa pa mfumu chikumwetulira.

Mfumu podzidzimuka inachitaya. Koma a Elube anali chigwadire pomwepo, manja ali chitambasulire, ndipo chinagwera m'manja mwawo ngati mwana wobwerera kwa make. Anazula mano aja pachitsononkho, nawakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ndagwiratu apa," anatero.

Msika wonse unati zii. Nkhuku yokha ndiyo inalankhula.

"Bweretsani kuno msanga!" anakuwa a Manjambiri. "Katundu wa mfumu ameneyo!"

"Sindikukana, bwana. Kwangotsala yogwira."

"Yogwira ndi ya katundu wakunja! Mano amenewa mfumu inabadwa nawo!"

"Inabadwa nawo ali pachitsononkho?" anafunsa wogulitsa makala, nkhope ili yofunadi kudziwa.

"Lamulo ndi la anyamata a Tafikakale, osati la aliyense!"

Nduna yokalamba ija, imene inali itatsamira mulu wa maungu ikusinza, inatsegula diso limodzi. "Munati aliyense. Ndinafunsa."

A Manjambiri anayamba kupapasa m'thumba. Akanalipira pomwepo nkhani ikanatha, ndipo a Elube akanapita kuukwati ndi ndalama koma opanda mano. Koma Make Sitiveni si mwana. Anatambasula dzanja. "Tandionetsani, a Elube, sindinaonepo mano a mfumu pafupi." Anawatembenuza uku ndi uku. "Okongola. Ndagwiratu apa." Napatsira wa makala. Wa makala anawapukuta pamalaya, akuda ndi kale, nati wagwira, napatsira wa nsomba. Wa nsomba anapatsira a kaunjika, ndipo a kaunjika ndi mzere wonse mpaka kumpanda. Mano anayenda msika wonse, kudutsa kwa a zitumbuwa, kwa osoka nsapato, kwa ometa, ndipo paliponse pankamveka mawu amodzimodzi: ndagwira, ndagwira, ndagwira. Mayi wina anagwiritsa ndi khanda lomwe linali kumsana, ati nalonso lili ndi manja. Msilikali wina anayang'ana uku ndi uku, nagwirako ndi kachala.

"Ikani pansi!" anakuwa a Manjambiri.

"Kuika pansi n'kugwiranso, bwana," anayankha a Elube. "Funsani Kapitawo wanuyo."

Gelesomu anabisala kuseri kwa ambulera.

Pamene mano ankabwerera m'manja mwa a Elube, anali atagwiridwa ndi anthu oti kuwalipira onse kukanafuna kugulitsa nyumba yachifumu ndi mipando itatu ya a Manjambiri. Komanso anali akununkha usipa, makala ndi mafuta a zitumbuwa. Mfumu inawayang'ana. Inayang'ana anthu. Kampango kanali katatayika m'chipwirikiti, ndiye inakoka nsonga ya mkanjo wake n'kutseka pakamwa, ndendende mmene a Elube ankachitira ndi chitenje. Kwa kanthawi awiriwo anayang'anana, aliyense nsalu ili pamlomo. Akuti a Elube anamva kachisoni. Kakang'ono, koma sikanafike m'manja.

"Athiyeni," inatero mfumu ndi usinini wokhawokha. "Tiyeni tithipita."

Mawa lake wailesi inalengeza kuti Tsiku la Kumwetulira layenda bwino kwambiri, ndipo mfumu, poona kuti mavuto ena atsalako, yaganiza zoyambiranso kusaseka. Inalengezanso kuti yogwira yathetsedwa, chifukwa boma limamva kulira kwa anthu. Anthu asanamalize kululutira, inapitiriza kuti m'malo mwake mwalowa yosagwira. Tsopano anyamata a Tafikakale azikankha maphukusi ndi ndodo, ndipo mwini phukusi azilipira chifukwa cha kudziletsa kwawo. Ndodonso ili ndi yake. Gelesomu anam'landa chipewa chonyezimira chija n'kum'patsa ndodo.

A Elube zimenezo sanazimve, anali otanganidwa. Mano anawawiritsa, anawatsuka ndi phulusa, ndi mchere, ndi mandimu, nawawiritsanso. Ndaziona anati aitanitse abusa awapempherere, iwo anati nthawi palibe. Atawavala analowa gwa, ngati sanachokepo. Nanga si sopo analuma ndi iwo?

Kuholo anakhala kutsogolo, chitenje chili m'chiuno mmene chimayenera kukhalira. Wojambula asananene kuti sekani, iwo anali atayamba kale. Akuchimuna ananong'onezana kuti mtundu uwu ndi wosakalamba. Mkulu wina wa kumeneko, wamasiye, anapunthwa pa waya wa zokuzira mawu akucheukira kampata. Nyama inali yochepa poti mbuzi inapita, koma imene inalipo a Elube anaitafuna pamaso pa anthu, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri. Ndaziona atawayang'ana analira, mpaka zopakapaka za kumaso zinayenderera.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma inafika nthawi ya perekaniperekani, ndipo woyendetsa mwambo anaitana amayi aang'ono a mkwatibwi. Dolofe anabwera akuvina, anaponya kandalama kake m'beseni, nalanda chokuzira mawu.

"Ine ndingothokoza," anatero. "Ndithokoze a Mfumu potibwereka mano a paukwati uno. Ndithokozenso mwana wanga Gelesomu, amene anaonetsetsa kuti manowa ayambe ayesedwa ndi munthu wamkulu, kuopa kuti angapweteke achemwali anga. Malipiro ake lero akukankha makatoni ndi ndodo. Zikomo."

Holo yonse inayang'ana a Elube. A Elube anaimirira, anakonza duku, nayenda mpaka pamene panali Dolofe. Aliyense ankadikira za mowa, za mphika, za munda wa kudambo. Wojambula anakonzeka.

A Elube anangomwetulira. Anamwetulira pafupi, nkhope ndi nkhope, kwa nthawi yaitali, mpaka Dolofe anabweza chokuzira mawu yekha n'kukakhala pansi.

Manowo ali nawo mpaka lero, kungoti anatengerako khalidwe kumene anagona. Munthu akabwera kudzapempha mchere, a Elube amafuna kunena kuti tengani, koma pakamwa pamatuluka zakuti, "Nkhani yanu taimva, tikuiganizira, bwerani mawa." Iwo amati si iwo, ndi mano.

Gelesomu salankhula ndi make, ati ndi iwo anam'limbikitsa kuti akapereke katoni kunyumba yachifumu. Dolofe salankhula ndi Make Sitiveni, ati ndiye anayambitsa zopatsirana. A Manjambiri ndi nduna yosinza ija sapatsana moni, ngakhale yosinzayo sinadziwebe. Yotamu anaimba foni kuchokera ku Kwazizira kufunsa ngati Dolofe angafune magalasi a maso, Dolofe anadula.

Ndipo a Elube ndi Dolofe, a mimba imodzi, sanalankhulanepo kuchokera Loweruka limenelo. Mphika sunabwezedwe. Munda wa kudambo wamera tchire. Koma m'mawa uliwonse popita kumsika, a Elube amasiya njira yachidule n'kudzera pakhomo pa mng'ono wawo. Amaima pamene Dolofe akusesa, osanena kanthu, n'kumuonetsa kampata.